Odi Wosayankhidwa

Aliyense amene adagonapo ku Ulongwe m'mwezi wa Juni adziwa kuti dzuwa likangobisala kuseri kwa mapiri, chisanu cha kuno sichipempha malo, koma chimalowera pansi pa chitseko ndi m'ming'alu ya mazenera mpaka zala zikane kugwira cholembera. Ndipo adali madzulo otere pamene ine, nkhalamba yopuma pa uphunzitsi, ndidakhala pambali pa mwana wamkazi wa mlongo wanga, mbaula ili pakati pathu, tikuyesa kutumiza kwa osindikiza a kumzinda wakutali kabuku kamene ndidakhala ndikulemba zaka zisanu ndi ziwiri, konena za midzi ya kwathu ndi za makolo amene adamanga m'munsi mwa phiri la Domwe m'masiku a Chikuse. Popeza kabukuko kadalemera ndi zithunzi, kotero kuti sikudatheke kukatumiza m'kalata wamba ya pa intaneti, osindikizawo adatiuza kuti tikakatule tokha m'nkhokwe yawo, natipatsa zinthu zitatu: dzina la makina awo osungira katundu, amene anyamata amati seva, dzina lathu lolowera, ndi mawu achinsinsi amene kuno timati senha, pomwe abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amati pasiwedi.

Njira imene adatilozera imatchedwa FTP, ndipo ndi nkhalamba inzanga m'dziko la makompyuta, pakuti malamulo ake oyamba adalembedwa ndi Abhay Bhushan wa ku sukulu ya MIT ku America mu Epulo 1971, ife kuno tikadali pansi pa Apwitikizi ndipo Ulongwe akutchedwa Vila Coutinho. Ndipo malamulo amene akutsatidwa mpaka lero adakonzedwa ndi Jon Postel ndi Joyce Reynolds mu Okutobala 1985. Mtsikanayo atatsegula kazenera koonetsa zimene makina awiriwo akukambirana, ndidazizwa kuona kuti ndi makina omwe ali ndi mwambo wa ulemu, sangofikira kutula katundu ngati wakuba wothawa mbandakucha. Athu adachita odi pa khomo la 21, pakuti nyumba ya seva ili ndi makomo zikwizikwi, lililonse ndi nambala yake. A kutaliko adayankha ndi nambala 220, ndiko kuti tilipo, fikani. Athu atatchula dzina, padabwera 331, ndiko kuti dzina talimva, nanga mawu achinsinsi? Titawapereka, padabwera 230, kutanthauza kuti lowani, ndinu a pakhomo pano. Ine ndidawomba m'manja, ndikuyesa kuti ntchito yatha.

Koma itafika nthawi yotula katundu, padangoti zii. Ndi mndandanda womwe wa zimene zidali m'nkhokwemo sudaoneke. Kagudumu ka pa galasi kadazungulira, kazungulira, kenaka makina athu adalemba kuti nthawi yodikira yatha. Tidayesanso kachiwiri ndi kachitatu, ndipo nthawi zonse malonje adayenda bwino lomwe, koma katundu adatsalira pamutu pathu. Ndipo ine, amene ndidaphunzitsa ana a anthu kuleza mtima kwa zaka zambiri, ndidayamba kudina batani mobwerezabwereza ndi mwamphamvu, ngati aneneri 450 a Baala aja pa phiri la Karimeli amene adayesa kuti kukweza mawu n'kumene kudzutsa wogona, ndipo pakamwa panga padatuluka milandu itatu mpweya umodzi: kuti osindikizawo ndi anthu achinyengo, kuti kampani ya mafoni yatidyera mamega athu a intaneti pachabe, ndi kuti, Mulungu andikhululukire, alipo wina m'mudzi amene sakufuna kuti kabukuka katuluke.

Mwanayo adandichotsa dzanja pa makinawo mwaulemu nati, "Amalume, mwagamula kale milandu itatu mboni isanalankhule ndi imodzi yomwe. Tiyambire pano pomwe takhalapa."

Tsono adayamba kufufuza monga achitira mlenje wotsata mapazi, kuyambira pomwe waima n'kumapita kutali pang'onopang'ono, osalumpha phazi lililonse. Adayang'ana ngati kompyuta yalumikizanadi ndi foni imene imatipatsa rede, imene a kutsidya kwa malire amati netiweki. Adayang'ana ngati mamega akadalimo. Adayang'ananso ngati foniyo ili pa nsanja ya kwathu konkuno, chizolowezi chimene ana a m'malire amakula nacho, pakuti pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 lidadula pakati dziko la Angoni a kwa Maseko, koma mafunde a mafoni saliwerenga panganolo, kotero kuti foni ya munthu wa ku Calómue kapena wa pa Lizulu imatha kugona ili ya Movitel kapena Vodacom n'kudzuka ili ya TNM kapena Airtel, mwiniwake asanasunthe pamphasa. Atakhutira kuti m'nyumba zonse zili bwino, adatumiza kamthenga kotchedwa ping, kamene Mike Muuss adakonza mu 1983, kamene ntchito yake n'kungofunsa kuti kodi mulipo, n'kuwerenga nthawi imene yankho latenga pobwerera. Kenaka adatumiza kena kotchedwa traceroute, ka Van Jacobson ka mu 1987, kamene kamaitana dzina la aliyense wa amithenga a m'njira, woyamba, wachiwiri, wachitatu, mpaka papezeke pamene uthenga ukufera.

Apa ndidakumbukira kuti makolo athu ankadziwa bwino kuti mawu opita kwa wamkulu sayenda ulendo umodzi. Wofuna kuonana ndi Inkosi ankayamba wagwada kwa nduna. Mwamuna wodandaula za banja sapita yekha kwa apongozi, amatuma ankhoswe. Ndipo mvula ikakana, akuluakulu ankathira nsembe pa kachisi n'kupempha mizimu ya makolo kuti ikawanenere kwa Chauta, Mphambe mwini mitambo. Paliponse pamene mawu apatsirana manja m'pamene angathenso kugwa, ndipo n'chifukwa chake adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Uthenga wochoka pa tebulo langa nawonso umakwera nsanja, n'kulowa m'chingwe chokwiriridwa m'mbali mwa msewu, n'kudutsa m'makina ambiri a eni osiyanasiyana amene sindidzawaona ndi maso, ndipo ukakhala wopita kutsidya kwa nyanja umamira m'zingwe zogona pansi pa madzi, monga cha SEACOM chimene chidafika ku Maputo mu 2009 ndi cha EASSy cha mu 2010. Usiku umenewo amithenga onsewo adayankha mayina awo, njira idali yamphumphu, ndipo milandu yanga iwiri idagwa pomwepo.

Pamene tinkadikira madzi a tiyi kuti awire, mtsikanayo adandiphunzitsa chinthu chimene ndakhala ndikuchisinkhasinkha usana ndi usiku, ndipo ndicho chandilembetsa mawu ano. Adati kulephera kulipo kwa mitundu iwiri, kukanidwa ndi kusayankhidwa, ndipo mmisiri wodziwa ntchito yake amakondwera ndi koyambako. Makina akakukana, yankho limafika diso lisanaphethire: khomo ili n'lotseka, kapena 530, mawu achinsinsi mwaphonya, kapena 550, chimene mukufunacho kuno kulibe kapena simuloledwa kuchikhudza. Mawu otere amawawa, komabe ali ndi uthenga wabwino m'mimba mwake, pakuti sangakukane amene sadakumve, ndipo kukanako sikukadafika kwa iwe njira ikadakhala yoduka popita kapena pobwera. Wokanidwa adziwa kuti kutsidyako kuli wamoyo, adziwa choti akonze, ndipo akalephera kukonza adziwa choti alire. Koma kusayankhidwa kulibe nkhope. Mwina mawu ako adafera m'njira. Mwina adafika koma mwini nyumba kulibe. Mwina alipo koma mlonda wake adalamulidwa kutaya odi wa alendo mosawauza kanthu. Mwinanso adamva, adayankha, ndipo yankholo ndilo lidasokera pobwera. Zinayi zonsezi pa galasi lako zimaoneka chimodzimodzi, kagudumu kozungulira. Ndipo mawu aja akuti nthawi yodikira yatha, amene ine ndinkawawerenga ngati chigamulo chochokera kutali, sachokera kutali konse ayi: amalembedwa ndi makina ako omwe, potsata muyeso umene udawaikira, umene m'mapulogalamu ena ndi masekondi 20 okha. Wodikira ndiye wadziikira malire, wadzitopera yekha, n'kudzilembera kalata yekha.

Kodi si momwemonso munthu amene apemphera chaka chimodzi, ziwiri, khumi, kenaka n'kunena mumtima kuti Kumwamba kwandikana, kapena kuti kumeneko kulibe wakumva? Kumwamba sikudanene chilichonse cha ziwirizi. Yalankhula ndi wotchi yake.

Nkhani iyi ili ndi chilonda pa banja lathu, ndipo ndiifotokoza mwachidule. Mkulu wanga adachoka ndili mnyamata, kupita ku Halale monga ankachitira amuna ambiri a kuno, ena ku minda ya fodya, ena ku migodi ya ku Joni kudzera kwa Wenela. Ndipo makalata ake atayamba kuchepa kenaka n'kulekeratu, anthu adayamba kumutchula ndi dzina lija loopsa lakuti mtchona. Amayi sadaleke kulembetsa makalata ku munda wa Mzungu kumene adamva kuti ankagwira ntchito, osadziwa kuti adasamukako kalekale n'kupita ku Bulawayo. Nkhondo itafika m'midzi yathu m'zaka za m'ma 1980, tidathawira ku Dedza pamodzi ndi khamu lija la anthu oposa miliyoni imodzi amene Malawi adawalandira, ndipo amayi adatsikira kuli chete komweko, akunena kuti mwana wawo adawataya. Titabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, kudafika munthu wina wokalamba wochokera ku Zimbabwe amene adakhala naye m'dera limodzi, natiuza kuti m'zaka zomwezo mkulu wangayo, atamva mbiri ya nkhondo, adalemba makalata ambiri kumudzi kwathu, kumene kudatsala zipupa zopserera ndi mitengo ya mapichesi yokha. Ndipo poona kuti palibe woyankha, adagamula kuti kapena tidafa tonse kapena tidamukana chifukwa cha kuchona kwake, ndipo adamwalira ali ndi maganizo amenewo. Anthu awiri okondana adaimbana mlandu wa kukhala chete, aliyense cholembera chili m'manja.

Akatswiri a makompyuta adaonetsa kale kuti chilonda chotere chilibe mankhwala otheratu. Mu 1975 padalembedwa chitsanzo chimene Jim Gray mu 1978 adachitcha cha akazembe awiri, ndipo ine ndichiika m'mapiri athu omwe kuti chimveke. Tiyerekeze kuti induna ina yaima ndi gulu lake pa Domwe, ina pa phiri la Dedza, adani ali m'chigwa pakati pawo, ndipo angapambane pokhapokha atatsika tsiku limodzi. Woyamba atuma mthenga kuti titsike mawa; koma sangatsike asanamve kuti mthengayo wafika, kuopa kutsika yekha. Wachiwiri abweza mawu kuti tamva. Koma nayenso sangatsike asanadziwe kuti tamva wakeyo wafika. Woyamba atumanso kuti tamva kuti mwamva, ndipo nayenso ayenera kudikira yankho la yankholo. Motero amithenga adzatha mudzi wonse, koma wotumiza mawu otsiriza adzakhalabe wosatsimikiza. Pa njira imene uthenga ungathe kutayika, palibe chiwerengero cha mayankho chimene chingachotseretu chikayiko. Nanga makina amayenda bwanji? Amapatsana moni katatu, woyamba odi, wachiwiri odini, woyambanso zikomo, n'kuyamba ntchito, chikayiko chotsalacho atachisenza. Ndikaganiza izi ndimaona kuti chikhulupiriro, chimene anyamata ophunzira amachiyesa matenda a nkhalamba, chidamangidwa m'maziko mwenimweni mwa makina amene iwo amawadalira. Pakuti ndi kompyuta yomwe singayambe kanthu ikati idikire umboni wotsiriza.

Tsono mwana uja adachita chinthu chaching'ono: adatalikitsa nthawi yodikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Titakhala phee kwa kanthawi, pa njira ija ya malonje padatuluka nambala imene kale tinkachoka isanafike, 425, ndiko kuti ndalephera kutsegula njira ya katundu. Mtsikanayo adaseka nati, "Amalume, eni nkhokwe akuti akhala akugogoda kwathu kuno, ife ndiye sitikutsegula."

Chinsinsi chake n'chakuti FTP imayenda ndi njira ziwiri, ina ya mawu ina ya katundu, monga mudzi wa mfumu umene uli ndi chipata cha alendo ndi chipata cha ngolo. Njira ya mawu timaitsegula ndife. Koma pa mwambo wakale, umene amisiri amautcha active, njira ya katundu imatsegulidwa ndi a kutaliko: makina athu amawauza kuti bwerani mudzatipeze pa keyala yakutiyakuti, khomo lakutilakuti, ndipo iwo amanyamuka kuchokera pa khomo lawo la 20 kudzachita odi kwathu. M'masiku oyambirira izi zidalibe vuto, pakuti makompyuta adali ochepa, odziwana, ndipo nyumba zawo zidalibe mipanda. Lero pafupifupi kompyuta iliyonse ili ndi mlonda wa pachipata wotchedwa firewall, amene adalamulidwa kuti alole a m'nyumba kutuluka n'kubwerera, koma mlendo wofika mosaitanidwa amubweze, kawirikawiri mosamuyankha ndi liwu lomwe. Kuwonjeza apo, keyala imene makina athu ankapereka idali yoyamba ndi 192.168, imene ndi nambala ya m'nyumba chabe, yopezekanso m'nyumba zina zosawerengeka pa dziko lonse, yopanda tanthauzo kwa munthu wa kunja. Zidali ngati kuuza mlendo wa ku Beira kuti mudzandipeza pa nyumba ya pafupi ndi mtengo wa mapichesi, osatchula mudzi kapena boma, m'dziko la Angónia mmene mapichesi ali paliponse. Ife tinkati iwo akhala chete, iwonso ankati ife takhala chete.

Usiku womwewo ndidatsegula buku la Machitidwe a Atumwi pa mutu 12, pa nkhani imene ndidaiphunzitsa kambirimbiri ngati nthabwala, koma tsopano idandilasa. Herode adatsekera Petro m'ndende, ndipo abale adasonkhana m'nyumba ya Mariya, amake a Yohane Marko, kumupempherera usiku. Pemphero lidamveka, maunyolo adagwa, ndipo Petro mwiniwake adafika pa chipata n'kugogoda. Koma mdzakazi Roda, atazindikira mawu ake, adathamangira m'kati ndi chimwemwe osatsegula, ndipo opempherawo adamuyesa wamisala, ena nati ndi mngelo wake, pamene yankho la pemphero lawo lidali panja pa mphepo likugogodabe. Njira ya mawu idali yotseguka bwino m'nyumba imene ija, ndipo sindikayika kuti mapemphero awo adali okoma kuwamva. Chotseka chidali chipata cha katundu. Ambiri a ife tidaika pa mtima mlonda amene amalola zopempha kutuluka, koma chilichonse chobwera m'maonekedwe amene sitidawayembekeze, kapena kudzera mwa munthu amene timamuyesa wochepa, monga mdzakazi kapena mwana wa mlongo, amachibweza mwakachetechete. Enanso timapereka keyala yolakwika, popemphera m'dzina la munthu wolungama amene timafuna kuti anthu atiyese, pomwe ife enieni tikukhala kwina.

Koma apa ndiyenera kuima, kuti ndingagwe m'dzenje limene adagwamo Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, amene poona Yobu ali pa phulusa adafulumira kunena kuti popeza Kumwamba sikulakwa, cholakwa chili mwa iwe, ulula. Ndipo kumapeto kwa bukulo mkwiyo wa Mulungu udayakira iwo, osati Yobu. Ndamva alaliki ambiri, m'matchalitchi ndi m'misika, akuuza mayi amene mwana wake wamwalira kuti chikhulupiriro chake chidachepa, ndipo ndinena mosabisa kuti chiphunzitso chimenechi n'chankhanza ndiponso n'chabodza. Mmisiri amayambira m'nyumba mwake chifukwa ndimo mmene manja ake afika, osati chifukwa chakuti cholakwa chimakhala momwemo nthawi zonse. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri zija, cha EASSy ndi cha SEACOM, zidaduka pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, ndipo intaneti idafooka ku Mozambique, ku Malawi, ku Tanzania, ku Kenya ndi m'mayiko ena. Tsiku limenelo munthu akadatha kusesa m'kompyuta mwake mpaka kucha, kusintha senha, kutsegula makomo onse, osapindula kanthu, pakuti chilonda chidali m'madzi akuya kumene sichikadapola popanda sitima ya amisiri. Buku la Danieli pa mutu 10 likunenanso za mneneri amene adalira ndi kusala masabata atatu, ndipo mthenga atafika adamuuza kuti mawu ake adamveka kuyambira tsiku loyamba, koma iye adatsekerezedwa m'njira masiku 21. Danieli akadakhala ndi muyeso wa masekondi 20, akadatseka buku lake pa tsiku loyamba lomwelo.

Palinso zina zimene fanizo langali silingathe kuzinyamula, ndipo sindifuna kulikakamiza. Mwezi womwe uja wa Okutobala 1985, pamene ku America ankasindikiza malamulo a katumizidwe ka mafayilo, kuno ku Chapotera, kufupi ndi mishoni ya Lifidzi, pa tsiku la 30, ansembe awiri a chipani cha Yesu, bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa dziko lino, ndi bambo Sílvio Alves Moreira, adatengedwa usiku n'kuphedwa. Akhristu ambiri ankawapempherera, ndipo iwo eni adali anthu a pemphero. Petro adatuluka m'ndende, koma mutu womwewo wa 12 ukuyamba ndi Yakobo, mbale wake wa Yohane, amene Herode yemweyo adamupha ndi lupanga, ndipo palibe pamene palembedwa kuti abale adamupempherera mochepa. Amene angandiuze kuti ku Chapotera kudali chipata chimene wina adaiwala kutsegula, sindidzakhala naye pa mphasa imodzi. Chimene ndaphunzira kwa mwana uja n'chochepa kuposa pamenepo, koma ndachigwiritsa: kusayankhidwa si umboni wa chilichonse, ndipo womanga chigamulo pa iko, kaya chotsutsa Mulungu, kaya chotsutsa wopemphayo, kaya chotsutsa nkhalamba ya m'mudzi imene aiyesa mfiti, waweruza mlandu wopanda mboni. Mwa milandu itatu imene ndidagamula usiku uja, wachitatuwo ndiwo umandichititsa manyazi koposa, pakuti m'midzi mwathu anthu okalamba akhala akuthamangitsidwa pa milandu yotere.

Mankhwala a vuto lathu adali kusintha mawu amodzi. Mtsikanayo adachotsa active n'kuika passive, mwambo umene makina athu, m'malo moitana a kutaliko kuti abwere pa khomo limene ife tasankha, amafunsa kuti titule kuti. Ndipo iwo amayankha ndi nambala 227, kutchula khomo limene atsegula kwawo, ife n'kunyamuka kupita komweko. Mlonda wathu sadatsutse, pakuti tsopano adali wa m'nyumba amene akutuluka. Ndidaona kuti ndi kudzichepetsa kwa mtundu wake, kuleka kulamula mwini nkhokwe za khomo ndi nthawi, n'kupita pamene iye walozera, koma ndisachulutse gaga m'diwa, pakuti mwanayo atamva ndikulalikira zimenezi adangoti, "Amalume, n'kabokosi chabe kochonga." Padabwera 150, njira ya katundu yatseguka, ndipo kamzere kobiriwira kadayamba kukwawa kuchokera kumanzere, pang'onopang'ono ngati ngolo ya mbatata yokwera chitunda cha ku Tsangano. Pakati pa ulendo rede idagwa kamodzi, ndipo mtima wanga udagwa nayo. Koma malamulo a 1985 aja ali ndi mawu olola kupitiriza pamene udalekezera, ndipo sitidayambirenso pachiyambi. Makala a m'mbaula atasanduka phulusa, padatuluka 226, katundu wafika.

Ine ndidaimirira kuti ndikagone, koma iye adakana kutseka makinawo. Adayerekeza kukula kwa fayilo imene idali kwathu ndi imene idafika kutsidyako, nambala ndi nambala, kenaka adalemba uthenga kwa osindikiza kuti m'mawa akaitsegule n'kuona ngati masamba onse ndi zithunzi zonse zikuwerengeka. Adati akatswiri atatu, Saltzer, Reed ndi Clark, m'nkhani yawo yotchuka ya mu 1984, adatenga chitsanzo chomwechi cha kutumiza fayilo poonetsa kuti ngakhale mthenga aliyense wa m'njira atalumbira kuti wapereka bwino, otsimikiza enieni ndi awiri okha, wotumiza ndi wolandira, pakuti katundu angathe kuonongeka ali m'manja mwa aliyense wa olumbirawo iye osadziwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Osindikizawo adaimba foni Lachinayi, nati zonse zili m'malo mwake, kupatula dzina la mudzi wina limene ndidalilemba mitundu iwiri, ndipo cholakwa chimenecho chidali changa.

Kabukuko kadafika pa chapa, ndiko kuti minibasi, yochokera ku Tete mvula zoyamba zisanagwe, m'makatoni awiri onunkha inki. Mkulu wanga adasiya ana ku Bulawayo, amene sindidawaonepo, ndipo munthu wokalamba uja asanamwalire adanditchulira dera limene ankakhala. Ndidatenga kabuku kamodzi, ndipo m'kati mwa chikuto ndidalemba dzina la agogo awo, mfunda wathu, dzina la mudzi, la mfumu, la boma la Angónia ndi la chigawo cha Tete, ndi nambala yanga ya foni yonse kuyambira pa +258, kuti pasakhalenso za mtengo wa mapichesi. Ndipo ndidakapereka m'manja mwa mayi wina wa malonda amene amadutsa pa Nyamapanda mwezi ndi mwezi. Lero ndi sabata lachisanu chichokereni. Foni ndimagona nayo kumutu, yoyaka, ndipo ndamuuza mwana uja kuti nambala yachilendo ikaimba ine ndili kudimba, ayankhe.